Kamera musagulitse, achimwene

Mnyamata wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti anagula kamera yodula ndithu, wajambula kafilimu ndi anzake, koma nkhope zatuluka zakuda bii pomwe kumwamba kwayera mbee. Akufunsa ngati ayigulitse kuti agule ina.

Achimwene, ndikuganiza kuti munajambula dzuwa lili paliwombo. Nthawi imeneyo kuwala kumagwa kuchokera pamutu, maso amalowa mumthunzi, ndipo kamera ikaona kumwamba kowala ndi malaya oyera imadzichepetsera kuwala yokha. Wovutika ndi khungu lathu lakudali. Ngakhale mutagula kamera ya mamiliyoni, idzachita zomwezo.

Choyamba chotsani kamera pa auto, pomwe imadzisankhira yokha kuwala, muyese kuwala poyang'ana nkhope ya munthu, osati khoma la kumbuyo kwake. Jambulani m'mamawa kapena chakumadzulo, dzuwa likapendeka, pamene limawomba chammbali n'kuonetsa maonekedwe a nkhope. Ngati simungachitire mwina koma masana, anthu owajambulawo aimikeni pakhonde. Pansi pa mtengo wa mango samalani, masamba amasiya timadontho ta dzuwa pankhope ndipo mphepo ikawomba timavina. Kenako mnzanu agwire nsalu yoyera kapena katoni yomata pepala loyera, abwezere kuwala kumbali yomwe kuli mthunzi. Khungu lakuda limakongola kwambiri ndi kuwala kofewa kochokera pa chinthu chachikulu. Mukapeza mpata onerani filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yomwe Dick Pope anajambula konkuno ku Malawi. Nkhani yake muisiye kaye, muzingoyang'ana komwe kuwala kukuchokera.

Tsono za manambala. Mafilimu ambiri amajambulidwa pa mafulemu (zithunzi) 24 pa sekondi, koma ine kwathu kuno ndimasankha 25, shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala pa fulemu iliyonse) n'kuyiika pa 1/50 ya sekondi. Magetsi athu ndi a 50Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye mukasemphana nawo mababu ena amaphethira m'chithunzi, ndipo mumazindikira mutafika kale pa kompyuta. Panja 1/50 imalowetsa kuwala kochuluka. Mankhwala ake ndi ND filter, kagalasi kakuda kovekera kutsogolo kwa lenzi. Ngati ndalama ikukuyabwani, gulani kameneko ndi tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu.

Chinanso simunafunse, koma ndikudziwa kuti chikubwera. Anthu awiri akamacheza, ganizirani kuti pali chingwe chochoka kwa uyu kufika kwa uyo. Kamera ikhale mbali imodzi ya chingwecho mpaka macheza athe. Mukachidumpha, polumikiza zithunzi onse awiri adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi, woonera n'kusokonezeka kuti akuyankhula ndi ndani. Ine ndinachidumphapo pa sewero la kutchalitchi, tinachita kuitananso anthu Loweruka linalo, wina atameta kale tsitsi.

Loweruka likubwerali mukhazike munthu mmodzi pafupi ndi zenera, muzimitse babu, mumujambule zenera lili kumbali kwake, kenako kumbuyo, kenako kutsogolo. Munditumizire zitatuzo tikambirane.