Yankho kwa msuweni: za masitolo, ndi firiji ya amalume

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Pepa ndachedwa, ndimadikira kuti ana agone kaye. Wafunsa kuti zimene akunena pankhani, zoti chidaliro cha ogula chatsika, zikutanthauza chiyani, komanso bwanji masitolo akuluakulu akungotsitsa mitengo mwezi ndi mwezi. Chabwino. Koma iwe ndimakudziwa kuyambira ukukwawa. Unayamba liti kutsatira nkhani za chuma, iwe amene unkasinza wailesi ikangoyamba kuwerenga nkhani? Akuchepetsera maola kusitolo kumene umagwira ntchito, ndi zimenezo. Ndipo sofa ija unatumiza chithunzi chake pagulu pano sabata yatha, ukufuna uitenge pangongole. Ndanama?

Tsono dikira. Ndiyambe ndi amalume aakulu.

Unali wamng'ono iwe, koma firiji yoyera ija ukuikumbukira, imene inkalira usiku wonse. Firiji imeneyo inatenga zaka ziwiri kuti ilowe m'nyumba. Ndalama zinalipo, tamvetsa bwino pamenepo, zinalipo zonse mu envulopu, m'chikwama chofiira chija. Chinali chaka chimene agogo anatuluka m'chipatala... ayi, chaka chotsatira chake, nkhani ya galimoto ija itatha kale. Ndiye kuntchito kwa amalume kunamveka mphekesera zoti ena achotsedwa. Mphekesera chabe, kalata panalibe. Malipiro ankabwera pa tsiku lake, osachepa ndi pang'ono pomwe.

Amalume anapita kusitolo katatu. Kawiri ndinapita nawo ine. Amafika, kutsegula chitseko cha firiji, kuyang'ana mkati, kutseka. Anali ndi kachingwe m'thumba kamene anayezera pakona paja, ndiye amayezanso firijiyo ngati kuti yakula usiku. Panali mnyamata wina wogulitsa, waulemu kwambiri, wa taye yabuluu, amene anafika powadziwa. Akangowaona pakhomo amathamanga, "Lero titenge, bambo?" Amalume amangoti, "Tione kaye mwezi uno utha bwanji." Basi, tikutuluka. Azakhali kunyumba osawalankhula madzulo onse.

Koma sankabwerera chimanjamanja, ichi ndiye chimandikhudza mpaka lero. Potuluka ankagula kabotolo ka mafuta odzola onunkhira, kuti akawapepese nako azakhali. Ulendo uliwonse kabotolo. Chachikulu akuchiwopa, chaching'ono chotonthoza mtima akugula. Azakhali anafika pokhala ndi mabotolo atatu pawindo, madzi akumwabe ofunda.

Ntchito ija sinathe. Amalume anagwira mpaka kupuma okha. Mphekesera zitazilala anatenga envulopu, ulendo wokagula. Atafika anafunsa za mnyamata wa taye uja, chifukwa ankafuna kuti komishoni ikhale yake, anamuvutitsa nthawi yaitali. Anawauza kuti anachotsedwa kalekale, mbali ya mafiriji ndi mipando anachepetsako anthu chifukwa katundu sankayenda. Amalume anabwera nayo firiji koma tsiku limenelo sanasangalale. Anangokhala pakhonde, n'kunena kuti iwo ankawopa kuchotsedwa, koma wochotsedwa anakhala mwana wa eni. Ndinawamva ndi makutu angawa.

Mmm. Ndiye chidaliro cha ogula ndi chimenecho. Sayeza ndalama zimene zili m'thumba mwa munthu, amayeza mtima wake pa za mawa. Ku America, yunivesite ya Michigan yakhala ikufunsa anthu kuyambira zaka za m'ma 1940, ntchito imene anayambitsa katswiri wina, George Katona. Amafunsa ngati m'banja zinthu zili bwino kusiyana ndi chaka chatha, ngati akuona kuti chaka chamawa zikhala bwino, ndipo funso lina, seka ukafuna, ndi lakuti kodi ino ndi nthawi yabwino yogula katundu wamkulu wa m'nyumba monga mipando, firiji, TV. Funso la amalume lenilenilo. Mu June 2022 chiwerengero chawo chinagwa kufika pa 50, chotsikitsitsa chimene anali ataonapo mpaka nthawi imeneyo, mwezi womwewo mitengo ya zinthu itakwera ndi 9.1 peresenti poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo. Ku Britain kafukufuku wofanana naye wa kampani ya GfK anafika pa -49 mu September chaka chomwecho, nakonso kutsika kotere kunali kusanaonekepo.

Tsono taganiza amalume mamiliyoni, onse akutsegula chitseko cha firiji n'kutseka. Sitolo yaikulu siitanitsa katundu lero n'kufika mawa. Imaoda kudakali miyezi yambiri, poganiza kuti anthu adzagula ngati chaka chatha. Anthu akasintha mtima, katunduyo ali kale pasitima, akubwera. Zinawachitikira a Target, kampani ya masitolo akuluakulu ku America. Nthawi ya Covid anthu anagula ma TV ndi zipangizo za kukhitchini kwambiri, iwo n'kuodanso zambiri, kenaka ogula n'kutembenuka. Pa 18 May 2022 masheya awo anagwa pafupifupi 25 peresenti tsiku limodzi. Mu June analengeza kuti athetsa maoda ena ndi kutsitsa mitengo kuti katundu achoke. Ndiye ukaona zikwangwani zofiira za kutsitsa mitengo zosatha, usamati eni sitolo akomera mtima anthu. Mosungira katundu mwadzaza, ndipo katundu wongokhala amadya ndalama: lendi, magetsi, chiwongoladzanja cha kubanki. Amalolera kupeza phindu lochepa bola atuluke. Phindu likachepa amayang'ana pochepetsa, ndipo pofulumira kudula ndi maola a antchito. Ndi pamene wafika iwe apa.

Koma usagwe mphwayi, anthu sasiya kugula. Amasintha kagulidwe. Sopo agulabe, zakudya agulabe, mankhwala otsukira mano agulabe. Kungoti amasiya dzina lotchuka n'kutenga cha dzina la sitolo yomweyo chotsika mtengo, amatenga paketi yaing'ono, amabwera ndi kapepala kolemba zogula ndipo satuluka m'kapepalamo, amadikira tsiku lotsitsa. Ena amasamukiratu kusitolo yotchipa. Ku Britain, mu September 2022 womwewo, Aldi inadumpha Morrisons n'kukhala yachinayi pa masupamaketi akuluakulu. A Walmart, kampani ya masitolo otchipa ku America, ananena okha kuti akulandira makasitomala ambiri ochokera m'mabanja opeza madola opitirira 100,000 pachaka. Anthu opeza bwino, akukankha ngolo m'sitolo imene kale ankaidutsa. Ndalama zikuyendabe, zangosintha njira.

Iwe tsono uli mbali iti? Uli ku mipando ndi ma TV, ukudya komishoni. Uli pamene panaima mnyamata wa taye yabuluu. Ndi chifukwa chake ndadzuka pabedi kudzajambula mawu ano usiku uno, msuweni, nkhaniyi sinandigonetse. Mbali yako ndi imene imayamba kuzizira anthu akachita mantha, ndipo imachedwa kutenthanso, chifukwa sofa yakale munthu atha kukhalirabe zaka zina ziwiri. Sopo akatha, watha.

Ndiye chimene ndikunena n'chakuti, sofa ija isiye kaye. Usasaine ngongole ya miyezi yambiri pamene maola ako akuchepa. Ndipo mawa ukalankhule ndi manijala wako, umupemphe akuphunzitse pakauntala yolipirira kapena mbali ya katundu wa tsiku ndi tsiku, ngakhale mashifiti awiri pasabata. Akamadzasankha otsala, amasunga munthu amene angamuike paliponse.

Ndikudziwa uti, "Ndiye inunso mukundisandutsa amalume, kutsegula ndi kutseka." Ayi, pali kusiyana. Amalume ankawopa mphekesera, ndalama zili m'manja, malipiro ali athunthu. Iwe maola akudula kale, waona wekha papepala la malipiro, ndipo ndalama ya sofayo ulibe, ukufuna kubwereka. Ukanakhala nayo mu envulopu ndikanati pita ukatenge, nthawi imene masitolo akulira ndi katundu ndi yabwino kwa wogula ndi ndalama yakeyake. Koma pangongole, ayi. Mtengo wotsitsawo chiwongoladzanja chimaubwezeretsa, ndipo mwezi umene shifiti yachepa, iwo akufunabe zawo zonse.

Alendo ako akhale pamipando ija unatenga kwa azakhali, sinathyoke. Ndipo amene ukufuna kumusangalatsa ndi sofayo, eee, usaganize kuti sitikudziwa, akakukonda akhala pomwepo.

Wamva eti? Sofa idikire, ndipo mawa m'mawa ukafike kwa manijala usanayambe n'komwe ntchito, umuuze kuti ukufuna kuphunzira kauntala. Ukatuluka mu ofesimo undiimbire, osati pagulu pano, undiimbire ineyo, undiuze wayankha chiyani. Ndizimitse, wamng'onoyu wadzuka.