Chishango cha dzina la amuna anucho musathamangire kugula

Achemwali, ndalamazo musatumize kaye. Chimene akukutsatsani pa intanetipo, ati chishango cha banja la dzina la amuna anu, chizindikiro chojambulidwa chimene pa Chingerezi amati coat of arms, n'chomwe chinandichititsa manyazi ine paukwati wa mwana wanga, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Mkamwini wanga ndi wa konkuno ku Scotland, kwawo ndi a Campbell. Ndinkafuna kuti akuchimuna aone kuti mwana wawo tamulandira ndi manja awiri. Ndiye ndinalowa m'kashopu kena ku Edinburgh, mwa timashopu togulitsa zinthu kwa alendo tija. Bambo wa mmenemo anangofunsa dzina, n'kulilemba pakompyuta, chithunzi n'kutuluka. Chishango chogawidwa panayi: zigawo ziwiri zili ndi tizidutswa tosongoka 8, takuda ndi tagolide mosinthana, tokumana pakati, ziwiri zinazo ngalawa yakuda pamalo oyera. Pamwamba pake mutu wa nguluwe. Ndinamufunsa ndi pakamwa pangapa kuti kodi aliyense wa dzinali ali ndi ufulu wochigwiritsa ntchito? Iye amvekere inde mayi, n'cha banja lonse. Anandipatsanso satifiketi ya chidindo chofiira. Anafuna kundigulitsa ndi cha Banda chomwe, ati dzina lathu nalonso lilimo m'kompyutamo ndipo linachokera ku Ulaya. Chimenecho ndinakana, makolo anga ndi a ku Ntchisi.

Chithunzicho chinapita pamakadi oitanira anthu, pakeke, ndipo china ndinatumiza kumudzi anakachidinda pansalu ya yunifolomu. Azakhali, azichemwali anga, amayi a kumpingo, aliyense anasoketsa. Ndalama za mashifiti ausiku zinathera pamenepo.

Tsikulo pelekanipelekani atangoyamba, malume ake a mkwati, bambo wachikulire atavala kilt, chovala cha amuna a ku Scotland chonga siketi, anabwera patebulo pathu. Anagwira nsonga ya nsalu yomwe tinayala patebulopo n'kuiyang'anitsitsa. Sanakalipe, sanaseke. Anafunsa motsitsa mawu kuti chilolezo watipatsa ndani. Ine ndinanyamuka monyadira kukatenga satifiketi ija, inali mufelemu pambali pa keke. Anaiwerenga mpaka pansi, n'kundibwezera ndi manja awiri. Akuti mayi, ichi n'chishango cha Duke of Argyll, mfumu ya fuko lonse la Campbell, amene kwawo ndi ku Inveraray Castle. Ife ndife a Campbell wamba, bambo athu ankakhoma sitima zapamadzi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kwathu sikunakhaleko chishango. Asewere anga anali chapafupi, nkhope itafiira, maso ali pansi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti iwo anadziwa kuyambira tsiku lomwe analandira khadi, koma ankaopa kundikhumudwitsa. Uku MC akukuwa kuti akuchikazi tiyeni kutsogolo, nyimbo ili pakati, azimayi anga akuvina ndi chishango cha eni kutsogolo ndi kumbuyo, ine ndili chiimire, ndalama zofupa zanyowa ndi thukuta m'manja, miyendo ikukana kuyenda. Mwana wanga anandiyang'ana ali pampando wa akwati, akufunsa ndi maso kuti amayi kwagwanji. Ndinangomwetulira n'kukavina. Chakudya cha tsikulo sindinachilawe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bambo wa m'shopu uja ankadziwa. Munthu sungagulitse zinthu zimenezi mu Edinburgh, mzinda womwe muli khoti la Lord Lyon, mkulu woyang'anira zishango m'dziko muno, osadziwa kuti chishango chimapatsidwa kwa munthu mmodzi, osati kwa dzina. Anaona mayi wakuda wa Chingerezi cha kumudzi, wosangalala ndi ukwati wa mwana wake, n'kuona ndalama. Nditabwererako anandilozera timawu ting'onoting'ono pansi pa satifiketi, tonena kuti ichi n'chishango chimene munthu wina wa dzinali anagwiritsapo ntchito. Ati nchifukwa chake sangabweze kanthu. Nanga pamene ndinkafunsa paja bwanji sanalozepo? Amenewo ndi akuba ovala taye, ndipo a pa intanetiwo ndi omwewo: buku lakale la zishango analiika m'kompyuta, ukalemba dzina amangotola choyamba chofanana nalo.

Malume aja ndi amene anandikhazika pansi pambuyo pake n'kundifotokozera. Kuno ku Scotland nkhaniyi ndi ya lamulo. Kuyambira 1672 pali kaundula wa zishango zonse zovomerezeka, ndipo Lord Lyon ndi woweruza weniweni, khoti lake lili ndi loya wake woimba milandu anthu ogwiritsa ntchito chishango chosakhala chawo. Mwini akamwalira chimapita kwa wolowa m'malo mmodzi. Ana enawo amayenera kukapempha kuti awalembetse chawochawo, ndipo amachisintha pang'ono, mwina kuika mkombero wa mtundu wina m'mphepete, kuti aliyense azidziwika payekha. Ku England, Wales ndi Northern Ireland zimenezi amayendetsa ndi a College of Arms ku London, omwe anakhazikitsidwa mu 1484 ndi Mfumu Richard III, ndipo nawonso amanena poyera kuti chishango cha dzina kulibe. Inu a ku Joni, kumeneko ofesi yoona za zishango ndi Bureau of Heraldry ku Pretoria. Kwathu tingazimve chonchi: kukhala wa mfunda wa Phiri sikukupatsa ufulu wokhala pampando wa Kalonga Gawa Undi, ngakhale nayenso ndi Phiri.

Chimene munthu wamba wa fuko amaloledwa ndi kabaji kaja mumakaona pachipewa kapena pa kilt. Amatenga chizindikiro cha pamwamba pa chishango cha mfumu, n'kuchizunguliza ndi lamba womanga, mawu a mfumuyo n'kulembedwa palambapo. Kwa a Campbell ndi mutu wa nguluwe uja ndi mawu a Chilatini akuti Ne Obliviscaris, kutanthauza kuti usaiwale. Lambayo akutanthauza kuti ine ndine wotsatira, chizindikirochi n'cha mfumu yanga. Ngakhale nthenga zimene amasomeka kuseri kwa bajiko zili ndi eni ake, zitatu za chiwombankhanga n'za mfumu ya fuko basi. Ndikanauzidwa zimenezi ndikanadinda kabajiko pansalu, ndipo malume aja akanavina nafe.

Komabe ndisakuopsezeni kwambiri. Palibe wapolisi anabwera kwathu. Nsalu ija azakhali akuvalabe kumudzi popita kutchalitchi ndipo ndi yokongola zedi, mwana wanga naye anakana kuti ndichotse chithunzicho pakhoma, chilipo mpaka lero. Ngati amuna anu achikonda ndipo mtengo wake si wopweteka, gulani mupachike pabalaza, bola mudziwe kuti n'cha wina ndipo mlendo akafunsa muzimuuza choncho. Chokhacho musachiike pachikwangwani cha bizinesi, pamakalata, pamphete kapena pamakadi aukwati. Ngati mukufunadi chanuchanu, munthu wokhazikika ku Scotland amatha kulembera Lord Lyon n'kupempha chatsopano, amakujambulirani ndi manja, koma konzekerani mapaundi masauzande ndi kudikira kwa nthawi ndithu.

Musanalipire, wogulitsayo mumulembere kuti akuuzeni dzina la munthu amene anapatsidwa chishangocho, chaka chake, ndi ofesi imene inachipereka. Kenako mufunse apongozi anu ngati munthuyo alidi mumzere wa makolo awo. Mabuku akale a kaundula wa ku Scotland alipo pa webusaiti ya ScotlandsPeople, mumalipira pang'ono kuti muone tsamba. Zikakuvutani ndipezeni ku inbox madzulo ndikaweruka, tifufuze limodzi.