Yankho: 3RZ mu Hilux yakale ikuzima potsetsereka, khodi 42

Achimwene, mwati mu Hilux 4x4 yanu yakale mwachotsamo injini ya 4Y ya kabuleta n'kuikamo 3RZ-FE, koma injini ikumazima mukaponda kilachi potsetsereka, ndipo mutalumikiza TE1 ndi E1 (mapini a pa soketi yoyezera zolakwika za injini) nyali ya check yaphethira 42. Khodi imeneyi pa Toyota ndi ya liwiro la galimoto, ndipo pa makina oyezera zolakwika a OBD2 imatuluka ngati P0500. Musathamangire kukagula sensa yoti musinthe. M'galimoto yanuyo sensa sinafe, mulibiretu.

Galimoto ya kabuleta inkangouza dalaivala yekha liwiro kudzera pa kebulo ya spidomita. Kompyuta ya 3RZ nayo imafuna kudziwa, ndipo ili ndi pini yake yolembedwa SPD. Omanga mawaya ambiri amausiya lendelende waya umenewu poti injini imalira bwinobwino pagalaja popanda iwo. Vuto limaonekera pamsewu. Mukachotsa phazi pamoto, kompyuta imadula petulo kaye, kenako imayenera kubwezera n'kutsegula vavu ya aidulo (yolowetsa mpweya injini ikamalira osapondedwa moto) injini isanagwe. Ikakhala kuti sikudziwa ngati galimoto ikuyenda kapena yaima, nthawi yobwezerayo imaiphonya, makamaka mukaponda kilachi ndi buleki pamodzi uku mukukhotetsa chiwongolero. Pamtunda wa miyala zimenezi n'zoopsa, chifukwa injini ikazima chiwongolero chimalimba pomwepo ndipo buleki imauma mukangoponda kawiri katatu.

Chimene SPD imayembekezera ndi chizindikiro chongoyaka ndi kuzima, kanayi pa kuzungulira kumodzi kwa kebulo. Kebulo ya galimoto za ku Japan imazungulira ka 637 pa kilomita, ndiye kuti mapalasi (kuyaka ndi kuzimako) 2,548 pa kilomita, kapena pafupifupi 42 pa sekondi (42 Hz) mukamathamanga 60 km/h. Nambala zimenezi muzisunge, muyesera pomwepo.

Yambani mwatsegula dashibodi. Ma spidomita ena a kebulo ali ndi kaswichi ka maginito kumbuyo kwake, kamene kamatseka ndi kutsegula kebulo ikamazungulira. Ikani mita pa ohm, zungulirani pamalo polowa kebulo pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yaing'ono. Ngati pali mapini awiri amene akulumikizana ndi kuleka kanayi pa kuzungulira kumodzi, mwapata. Pini imodzi ipite ku ethi, inayo ku SPD, basi. Ngati kulibe, kasakeni dashibodi ya Hilux kapena Surf ya EFI (ya injini yoyendetsedwa ndi kompyuta, osati kabuleta) ya thupi lofanana kwa ogulitsa zida zakale. Njira imeneyi ndi imene ndingakulangizeni pa galimoto yoyenda m'matope, chifukwa chilichonse chamagetsi chimakhala m'kati mouma.

Njira yachiwiri ndi sensa ya mawaya atatu yomangirira potulukira kebulo pa transifa (kagiyaboksi kogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo). Sankhani ya mtundu woboola pakati kuti kebulo ipitirize kuyendetsa spidomita, ndipo itulutse mapalasi 4, osati 8 kapena 16. Waya woyamba ndi 12V yochokera pa igineshoni kudzera pa fyuzi, wachiwiri ethi, wachitatu SPD. Moto musautenge pabatire mwachindunji, idzadya batire usiku wonse. Ethi ikhale pa E1 (pini ya ethi ya kompyuta) kapena pa buloko ya injini pamene kompyuta yamangira ethi yake, osati pa chesisi ya dzimbiri. Mawaya awotchereni ndi soda n'kuvala heat shrink (kachubu kofinya waya kakatenthedwa); tepi imamatuka ikangolawa madzi ndi oilo. Adutsitseni pamwamba pa transifa, kutali ndi ekizozi komanso mawaya a mapulagi, ndipo musiye kautali pang'ono poti giyaboksi imagwedezeka pa mamaunting'i ake.

Malo a sensa ndi nkhani yaikulu pa 4x4. Iyenera kuwerenga kumbuyo kwa transifa, pamene pamatulukira shafiti yopita ku difu yakumbuyo. Mukaiika patsogolo pa transifa, mu H (giya ya transifa yoyendera pamsewu) zonse zidzaoneka zabwino, koma mukalowa L4 (giya yokwawira ya 4x4) kompyuta idzaona liwiro loposa lenileni ka 2.28 pa transifa ya magiya, kapena ka 2.57 pa ya tcheni. Mukukwawa pa 10 km/h iyo ikuganiza kuti muli pa 23 kapena 26.

Sensa za mawaya awiri zochokera pa mabuleki a ABS kapena pa giyaboksi ya otomatiki musayese kuzilumikiza ku SPD mwachindunji. Zimenezo zimatulutsa magetsi a AC amene amachepa kwambiri galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, komanso zimawerenga mano ambirimbiri. Kompyuta mwina siona kanthu, mwina iona liwiro la misala, ndipo ngati ndi ya galimoto yogulitsidwa m'Japan momwemo ili ndi malire a 180 km/h, idzadula mafuta muli pa giya yachiwiri. Zimatheka ndi kabokosi kosinthira chizindikiro monga ka Dakota Digital, koma pa giyaboksi ya manyuwo ndi kutaya ndalama. Za GPS nazo zisiyeni: zimachedwa, ndipo pansi pa mitengo kapena m'chigwa zimataya netiweki ya setilaiti panthawi yomwe mukuzifunitsitsa.

Mukamaliza, yesani galimoto isanatuluke. Tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala, transifa ikhale pa H2 (matayala akumbuyo okha), giya pa nyutulo, kwezani kumbuyo n'kuika zochirikiza, osadalira jeke yokha. Yatsani igineshoni osaliza injini, ikani mita pakati pa SPD ndi E1 pulagi ya kompyuta ili m'malo mwake, wina azungulire tayala ndi manja. Mita izidumpha kuchoka pafupi ndi 0 kufika 4V kapena kupitirira n'kubwereranso. Matayala onse awiri akazungulira kamodzi muwerenge kudumpha pafupifupi ka 6. Likamazungulira limodzi lokha linalo litagwidwa, ndi theka, chifukwa cha difu, ndiye musadabwe. Ikangoima pamwamba osasuntha, waya waduka kapena sensa sikuzungulira, ndipo apa zulani kagiya ka pulasitiki ka m'transifa muone mano ake, kamadyeka, makamaka ngati spidomita inali yakufa kale. Ikangoima pa 0, waya wakhudza bodi kapena mwalowa pini yolakwika. Mapini a SPD amasiyana malinga ndi chaka, choncho tsatirani nambala ya pachivundikiro cha kompyuta yanu, yoyamba ndi 89661, osati mtundu wa waya.

Za matayala aakulu musade nkhawa kwambiri. Kuchoka pa mainchesi 29 kupita pa 33 liwiro limaoneka lochepa ndi pafupifupi 12 peresenti. Kompyuta sizikuivuta, koma apolisi a kamera adzakuuzani zoona zake.

Kenako zulani fyuzi ya EFI kwa theka la mphindi kuti khodi ifufutike, yendani makilomita angapo mukukweza injini ndi katundu wake, n'kuwerenganso. Ngati 42 yachoka koma kuzimako kukadalipo, tsukani throttle body (chitseko cholowera mpweya mu injini) ndi vavu ya aidulo, onani ngati TPS (sensa ya pa throttle body) ikuwerenga kuti yatsekeka mukachotsa phazi, ndipo fufuzani timapaipi ta vakyumu tomwe tinasiyidwa pululu posintha injini, kuphatikizapo paipi yopita ku busita ya buleki.