Ma bad sector pa hard disk: pulumutsani mafayilo kaye, zokonza pambuyo

Wophunzira wina wa ku Chanco, yemwe amakhala ku Chikanda, watilembera imelo. Akuti laputopu yake imauma kwa mphindi zingapo akamatsegula foda ya kafukufuku wake, mafayilo ena akukana kukopedwa, ndipo Windows imalemba kuti "cyclic redundancy check". Mnzake wamuuza kuti ndi ma bad sector, malo oonongeka pa hard disk yosungira mafayilo, angoyendetsa chkdsk, pulogalamu ya Windows yoyang'ana ndi kukonza disiki, zitheka. Iye akufunsa ngati achitedi zimenezo, komanso ngati disikiyo ingachire.

Achimwene, chkdsk isiyeni kaye. Mnzanuyo matenda wawatchula bwino, koma mankhwalawo si oyambira.

M'kati mwa hard disk muli timbale tomwe pa laputopu zambiri timazungulira ka 5400 pa mphindi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake, pampata woti ngakhale kafumbi sikangadutse. Malo osungirako zinthu anawagawa m'tizigawo totchedwa ma sector, a mabayiti 512, kapena 4096 pa madisiki apano. Ena amaonongeka chifukwa magetsi anathima disiki ili mkati molemba. Amenewa mukalembapo zatsopano amakhalanso bwino. Ena ndi bala lenileni: kamutu kaja kanakhudza mbale, mwina laputopu inagwa, mwina inakwera kabaza m'mabampu a ku Chikanda isanazime bwinobwino. Bala lotere silipola. Tizinyenyeswa tomwe tinapalika timakhala m'katimo n'kumakanda malo ena, n'chifukwa chake vutoli limakula tsiku ndi tsiku.

Kuti mudziwe pomwe zafika, ikani pulogalamu ya CrystalDiskInfo, ndi yaulere. Imawerenga zimene disiki imalemba yokha za thanzi lake, zotchedwa SMART. Yang'anani mizere itatu. Wa 05 ukuwerenga ma sector omwe disiki inawataya kale n'kuika ena apadera m'malo mwake. Wa C5 ndi omwe akukanika kuwerengeka panopa, ndipo ndi amene akugwira mafayilo anu. Wa C6 ndi omwe alephereratu. Manambala enieni ali kumapeto, pa Raw Values. Ngati C5 si ziro ndipo mawa lake yakwera, disikiyo ikufa.

Nanga chkdsk yalakwa chiyani? Lamulo la chkdsk /r limawerenga disiki yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumabwerezabwereza pamalo oonongeka kwa maola ambiri. Zili ngati kuthamangitsa wodwala kukwera phiri la Zomba kuti muone ngati ali ndi mphamvu. Komanso ikalephera kuwerenga gawo la fayilo, imangotseka malowo, ndipo zomwe zinali pamenepo zapita.

Lero lomwe, koperani pa flash zofunika kwambiri, kuyambira ndi kafukufukuyo, fayilo imodziimodzi. Yomwe yakana idumpheni, musaikakamize. Makanema ndi nyimbo zidikire.

Mafayilo okanawo amafuna ddrescue, pulogalamu yokopera disiki yonse yodwala n'kuika pa ina. Pezani disiki ina yabwino, yofanana kukula ndi yodwalayo kapena yoposerapo, chingwe cha USB to SATA, ndi flash yomwe mwaikamo SystemRescue, yomwe imayendetsa kompyuta popanda Windows, chifukwa ddrescue ilimo kale. Yatsani laputopu kuchokera pa flash, osati pa Windows. Lembani lsblk kuti muone maina a madisiki, ndipo apa m'pofunika kudekha, chifukwa mukasinthanitsa maina mukopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa ntchito yanu yonse. Onani kukula kwake, onaninso kachiwiri. Tiyerekeze kuti yodwala ndi sda, yabwino ndi sdb:

ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb mapu.log

Ulendo woyambawu umatola zonse zowerengeka mosavuta n'kudumpha zovuta. Ukatha, bwerezani lamulo lomwelo koma m'malo mwa -n ikani -r3, kuti iyese malo ovutawo katatu. Kafayilo ka mapu.log ndi komwe kamakumbuka pomwe ntchito yafika, choncho kasungeni pa flash ina, osati m'malo omwe amafufutika makina akazima. Magetsi akathima, mukayambiranso imapitiriza pomwe inalekera. Disiki ya 500GB yodwala ikhoza kutenga usiku wonse kapena kupitirira, ndiye ngati batire linatha kale mphamvu, kachitireni komwe kuli UPS (batire losunga magetsi akathima) kapena sola. Laputopu ikhale patebulo, osati pamatiresi, kuti isatenthe. Mukamaliza, chkdsk ija yendetsani pa disiki yabwinoyo, mafayilo muwatenge kumeneko.

Pali chizindikiro chimodzi chomwe chimasintha zonsezi. Disiki ikayamba kulira kuti tyaka, tyaka, tyaka, kapena BIOS, pulogalamu yomwe imayamba laputopu ikangoyatsidwa, ikasiya kuiona, zimitsani nthawi yomweyo. Pamenepo kamutu kaonongeka, ndipo kuyatsa kulikonse kukupala mbale. Musaiike mufiriji monga ena amalangizira, chinyontho chimaonjezera vuto. Musalolenso munthu kuitsegula patebulo la mushopu. Ntchito imeneyo imafuna chipinda chopanda fumbi ndi zida zake.

Za kuchira, disikiyo musaikhulupirirenso. Kuifomata kwathunthu kumachititsa kuti C5 itsike, popeza disiki imasamutsira malo oipawo ku ma sector apadera, koma apaderawo ndi owerengeka ndipo bala lija likadalipo. Gulani disiki ya mtundu wa SSD, ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 240GB kapena 256GB ikwanira ntchito ya sukulu. Imalowa pamalo omwewo, ilibe chozungulira m'kati, ndipo mabampu saiopsa. Ngati thumba likungolola disiki yogwiritsidwa kale ntchito, pemphani wogulitsa ailumikize muione pa CrystalDiskInfo musanapereke ndalama: 05, C5 ndi C6 zikhale pa ziro, ndipo mzere wa 09 ukuuzani maola omwe yayaka kale.