Kanema wa m'mudzi ayambe waonedwa m'mudzi momwemo

Achemwali, mwafunsa ngati kujambula mavuto a kwanu ku Kachulu pafoni kungasinthe kanthu, kapena n'kungotha bandulo pachabe. Kumasintha ndithu, koma osati pongoponya pa Facebook.

Nzeruyi ndi yakale. Mu 1967, pachilumba cha Fogo ku Canada, boma linkafuna kuti asodzi asamukeko. A National Film Board, bungwe la boma lopanga makanema, anawajambula akulongosola okha za moyo wawo, makanemawo n'kuyamba kuwaonetsa m'midzi ya pachilumbapo asanakafike kwa akuluakulu a boma. Midziyo inazindikira kuti ikulira maliro amodzi, asodzi anamanga kopaletivi, ndipo mpaka lero anthu adakali pomwepo.

Ife tinayesako kwathu cha ku Jali, mjigo utafa. Poyamba foni ndinagwira ndine, amayi n'kumangoyankha kuti "tikukhala choncho". Titaipereka kwa mtsikana wa m'mudzimo, analawira nawo mbandakucha kupita kudambo. Anajambula ndowa ikumira m'madzi a matope, ng'ombe ikumwa cha pambali pomwepo. Agogo ena amene anandikanira ine anamuyankhulira iye osapuma, chifukwa ndi mwana wawo.

Madzulo tinapachika nsalu yoyera pamtengo wa mango, pulojekita yobwereka, amfumu ndi a VDC (komiti ya chitukuko ya m'mudzi) atakhala kutsogolo. Abambo ambiri, amene satunga madzi, anangoti zii. Usiku womwewo anthu anagwirizana zosonkha ndalama za zipangizo. Kenako kanemayo tinapita naye ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera lonse), ndipo zimene anayankha akhansala tinazijambulanso n'kukazionetsa pansi pa mango uja. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa munthu amene lonjezo lake laonedwa ndi mudzi wonse savuta kumukumbutsa.

Koma chonde samalani. Kunyanja ya Chilwa kuli nkhani zolemera, monga kolera kwa asodzi a m'zimbowera (tinyumba toyandama panyanja) ndi amayi okakamizidwa kugona ndi asodzi kuti apeze matemba. Nkhope ya munthu ikalowa pa WhatsApp siibwezeka. Aliyense adzione yekha musanatumize kwina, ndipo akati "ndichotseni", muchotseni popanda kumunyengerera. Ana musawajambule makolo asanavomere.

Mawu amafunika kuposa chithunzi. Mphepo ya padoko la Kachulu imameza mawu, choncho yandikirani wolankhulayo, mubisale kuseri kwa nyumba. Mphindi zisanu zakwana. Mukakonzeka ndiuzeni, Loweruka lina ndidzabwera kudzathandiza kulumikiza zidutswazo.