Mafunso ndi Mayankho: Kodi Wopanda Malire Angapezeke M'chipinda cha Lendi?

Mafunso a mwezi uno achokera kwa owerenga athu a ku Johannesburg. Oyankha ndi aphunzitsi a za pemphero, Akhristu ndi Asilamu, mothandizana ndi namwino.

Funso: Kutchalitchi timamva kuti Mulungu alibe malire, alibe chiyambi, alibe mathero. Ndikakhala pageti usiku ndimayesa kuganizira zimenezi mpaka mutu umatentha. Kodi ndiye kuti ndi wamkulu ngati thambo, kapena kuposa pamenepo? (Mlonda, Randburg)

Yankho: Achimwene, mutu ukutentha chifukwa mukuyesa kukulitsa chinthu m'maganizo mpaka chifike posatha, ndipo ntchito imeneyo palibe anaimalizapo. Chinthu chachikulu ndi chinthu chopanda malire n'zosiyana. Usiku wopanda mitambo yang'anani kum'mwera. Muona nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda, ndi zina ziwiri zowala zoloza mtandawo. Yowala kwambiri mwa ziwirizo ndi Alpha Centauri. Kuwala kwake kumayenda zaka 4 ndi miyezi ingapo kuti kufike m'diso lanu, pomwe kwa dzuwa kumangotenga mphindi 8. Ndi kutali koopsa, komabe kumayezeka, ndipo chilichonse choyezeka chili ndi pothera.

Manambala ndiwo alibe pothera. Tchulani nambala yaikulu yomwe mungathe, mnzanu awonjezerapo imodzi. Katswiri wa masamu wa ku Germany, Georg Cantor, anasonyeza mu 1874 kuti ngakhale zosathazo zimaposana: timadontho ta pa mzere umodzi n'tochuluka kuposa manambala onse owerengera 1, 2, 3 osalekeza. Zimenezi zimalembeka papepala, koma palibe diso la m'maganizo lingazione zonse pakamodzi.

Nanji Namalenga. Solomoni potsegulira kachisi anavomera kuti ngakhale kumwambamwamba sikungamukwane Mulungu (1 Mafumu 8:27). Qur'an (18:109) imati nyanja ikanakhala inki yolembera mawu a Mulungu, ikanaphwa mawuwo asanathe. Bishopu Gregory wa ku Nyssa, wa m'zaka za m'ma 300, anatolapo phunziro lomwe ife timaliona kuti ndi lothandiza kwambiri: poti Mulungu alibe malire, kumudziwa nakonso sikudzafika poti "ndamaliza". Choncho lekani kumujambula m'mutu. Chimene munthu angaphunzire ndi kukhala chete pamaso pake.

Funso: Timagona anthu anayi m'chipinda chimodzi, ndipo ndimadzuka 4 koloko kukakwera takisi. Ndinamva za pemphero lachete, koma ndikangotseka maso maganizo amathamangira kulendi, fizi ya ana kumudzi ndi pasipoti. Ndiyambire pati? (Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, Rosettenville)

Yankho: Mayi, maganizo othamangawo si chizindikiro choti mwalephera. Ubongo wa munthu wamoyo sukhala wopanda kanthu, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti "chotsani zonse m'mutu" akukusenzetsani katundu wosanyamulika.

Njira yomwe tikupatseni imatchedwa Centering Prayer. Anaikonza m'zaka za m'ma 1970 amonke atatu a ku Spencer, Massachusetts, ku America, omwe ndi Thomas Keating, William Meninger ndi Basil Pennington, potengera miyambo yakale ya pemphero lachikhristu. Muyezo wake ndi mphindi 20, kawiri patsiku. Inu yambani ndi mphindi 10 kamodzi patsiku kwa milungu iwiri, kenaka muziwonjezera mphindi 5 mlungu uliwonse mpaka zikwane 20.

Dzukani anzanu asanadzuke, sambani kumaso ndi madzi ozizira, mukhale m'mphepete mwa bedi kapena pampando. Msana ukhale wowongoka koma wosaumitsa, mapazi onse agunde pansi, manja pamiyendo. Musagone chagada, mudzangopitiriza tulo. Tcherani alamu ya foni motsitsa mawu, foniyo muiike chafufumimba pomwe dzanja silifika.

Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga Yesu, Atate kapena Mtendere. Tsekani maso, mulitchule mumtima mofatsa ngati chizindikiro choti mwavomera kukhala pamaso pa Mulungu. Kenaka khalani chete. Mukazindikira kuti mwayamba kuwerengera ndalama za lendi, bwererani ku liwu lija mosadzikalipira. Maganizo ali ngati oitanira minibasi padepoti: mukawayankha amakukokani dzanja, mukangodutsa amasiya okha. Kaya mubwerera kakhumi kaya kambirimbiri, kubwererako ndiye pemphero lenilenilo. Alamu ikalira musadzambatuke. Khalanibe maso otseka mphindi 2, mutsirize ndi Atate Wathu pang'onopang'ono.

Tsono nazi zomwe zimasokoneza anthu ambiri. Ena amasintha liwu pakati pa pemphero pofuna "lamphamvu", osadziwa kuti kusankhako ndi ganizo linanso. Liwu lomwe mwayamba nalo mumalize nalo. Ena amalitchula mothamanga ngati akuthamangitsa nkhuku, mpaka nsagwada ndi mapewa kulimba. Mukamva choncho masulani mano, tsitsani mapewa. Ena amawodzera, makamaka akapemphera atangodya nsima kapena atachoka ku shifiti ya usiku. Mankhwala ake ndi kupemphera musanadye, ndipo ngati tulo tikupitirira tsegulani maso pang'ono muyang'ane pansi, pafupifupi mita imodzi kutsogolo kwanu. Thupi lomwe lagona maola 4 okha limafuna tulo poyamba, ndipo kuligonetsa si tchimo. Miyendo ikamachita dzanzi ndiye kuti mpando ukukanikiza kunsi kwa ntchafu, sendererani kutsogolo.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: musamadzifunse m'kati mwa pemphero kuti "kodi ndafika?" Ambiri amasiya m'mwezi woyamba chifukwa sakumva kalikonse. Kuuma kotereku n'kodziwika kwa onse amene apemphera nthawi yaitali, ndipo sikutanthauza kuti Mulungu wachoka.

M'takisi musatseke maso, chikwama chingapite. Mungathe kumangotchula liwu lanu mumtima muli maso, koma mphindi zachete zija zisungireni malo ake. Nthawi yachiwiri ikhoza kukhala yopuma masana kuntchito, musanadye.

Kwa abale athu Achisilamu, a ku Mayfair, Fordsburg ndi kwina, khomo lake ndi zikiri ikatha swala: Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33, Allahu Akbar ka 34, powerengera pa zala kapena pa tasbih. Vuto limakhala liwiro, zala kuthamanga mtima uli kumsika. Chedwetsani, liwu lililonse limveke lonse, ndipo mukamaliza musanyamuke msanga.

Funso: Tsiku lina ndikupemphera ndinaona kuwala m'maso otseka, manja anachita dzanzi, ndinamva ngati ndikuyandama. Kodi ndinakhudza zakumwamba? (Mnyamata, Hillbrow)

Yankho: Sitingaweruze zomwe Mulungu anachita mumtima mwanu, koma zizindikiro mwatchulazi thupi limazipanga lokha. Munthu akamapuma mothamanga ndi mokoka kwa mphindi zingapo, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, mitsempha ya muubongo imapanikizika, ndiye pamabwera chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi m'milomo. Kufinya maso mwamphamvu kumabweretsa timagetsi. Kuyandama kumabwera kawirikawiri munthu akakhala pakati pa tulo ndi kukhala maso. Pumani ndi mphuno, mwachizolowezi, osakakamiza.

John wa Mtanda, wansembe wa ku Spain wa m'zaka za m'ma 1500, ankalangiza ophunzira ake kuti asakakamire masomphenya kapena kuwafunafuna. Kuwala kuli ndi poyambira ndi pothera, choncho sikungakhale Wopanda Malireyo. Muyezo wodalirika ndi zipatso za Mzimu zotchulidwa pa Agalatiya 5:22-23. Pakatha miyezi itatu, funsani amene mumakhala nawo ngati mwayamba kuleza mtima, ngati mkwiyo ukuchedwa kubwera, ngati mukubweza ngongole.

Koma ngati mwakhala masiku angapo osagona, mukumva mawu okulamulani kudzivulaza kapena kuvulaza wina, kapena dziko likuoneka ngati si lenileni, siyani kaye pemphero lachete, uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kukiliniki tsiku lomwelo.

Funso: Anzanga akuti kuti ndikumane ndi Mulungu ndikwere phiri, ndisale masiku atatu osadya osamwa. Nditero? (Bambo, Yeoville)

Yankho: Bambo, kupemphera kuphiri ndi chinthu chabwino, ndipo tonse timawaona okhulupirira ovala zoyera pamtunda wa Yeoville ndi ku Melville Koppies. Malo opanda phokoso amathandiza. Koma Yesu anauza mayi wa ku Samariya kuti kulambira koona sikudalira phiri ili kapena Yerusalemu (Yohane 4:21-24). Amene alibe malire sayandikira chifukwa mwakwera mamita angapo.

Masiku atatu osamwa madzi ayi, tikukuletsani. Impso zimatha kuwonongeka, ndipo munthu akhoza kufa. Ngakhale kusala kwa Ramadan kumamasulidwa dzuwa likalowa, ndipo odwala amaloledwa kusasala. Ngati ndinu wathanzi, yambani ndi kusala chakudya chokha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mukumwa madzi pafupifupi malita 2. Mkodzo ukada kwambiri, mutu ukamawawa kapena mukamaona mdima poimirira, masulani pomwepo. Masulani ndi phala lamadzimadzi kapena chipatso, nsima ndi nyama zibwere pambuyo. Odwala shuga, a BP, amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndi omwe akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB asasale asanafunse kukiliniki, ndipo asadumphitse mankhwala ngakhale wina awauze kuti n'chikhulupiriro.

Phiri la kuno ku Joni lilinso ndi zake. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, ndipo udzuwo umakhala wouma, kotero musakoleze moto kapena kusiya kandulo. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya mabingu imabwera masana mwadzidzidzi. Mukaona mphezi, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Akachepera 30, tsikani msanga mukalowe m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo dikirani mphindi 30 chilekereni bingu lomaliza. Pitani pagulu, masana, foni yodula ndi ndalama muzisiye kunyumba chifukwa achifwamba amadziwa kuti wopemphera amatseka maso, ndipo wina wapakhomo adziwe komwe muli ndi nthawi yomwe mubwerere.