Masiteshoni akale ndi mitu ya sitima mu Blantyre: yambirani ku Limbe

Achimwene, mwafunsa kuti ndi nyumba ziti za njanji zakale zomwe zidakalipo muno mu Blantyre, mitu ya sitima yoonetsa anthu ili kuti, komanso kuti mudziwa bwanji kuti chinthu ndi chakaledi. Malangizo athu ndi akuti muyambire ku Limbe, osati m'tauni, ndipo muzikhulupirira zolembedwa pachitsulo kuposa zolembedwa ndi penti.

Choyamba sungani zaka izi pamtima, poti ndi zomwe mudzayezerepo chilichonse. Njanji ya Shire Highlands Railway yochokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Yopita kumpoto mpaka Salima inatha mu 1935, chaka chomwenso mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa. Ya ku Nkaya kupita ku Nayuchi ndi ya 1970. Ndiye wina akakulozerani nyumba ya njanji ku Lirangwe kapena ku Balaka n'kunena kuti ndi ya 1908, mukaneni mwaulemu, njanji inali isanafike kumeneko.

Ku Limbe n'kumene kunali likulu ndi malo okonzera sitima, ndipo tauniyo inakulira pa njanji ndi fodya. Kumeneko n'kumene kunasungidwa Thistle, mutu wa sitima nambala 1. Mnzake Shamrock, nambala 2, ali panja pa nyumba yosungirako zakale ya Chichiri, yomwe inatsegulidwa mu 1966. Onse awiri anapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ya ku Stafford, ndipo anagwira ntchito yomanga njanji yoyambayo. Kuwazindikira sikuvuta: ndi ang'onoang'ono, alibe ngolo yamalasha kumbuyo, ndipo thanki yamadzi inaberekedwa pamwamba pa boila ngati mwana kumsana. Ku Chichiri n'kosavuta, mumangolipira pakhomo n'kuzungulira mtima uli m'malo. Ku Limbe ndi malo antchito a kampani yoyendetsa njanji, yomwe inachoka m'manja mwa boma mu 1999, choncho lembani kalata yopempha chilolezo, mutchule tsiku, chiwerengero cha anthu, ndiponso kuti mudzajambula. Mukangotulukira ndi kamera, mlonda akubwezani ndipo sadzakhala atalakwa.

Mukaima pafupi ndi mutu wa sitima, yang'anani mawilo kaye. Wilo la panjanji lili ndi mlomo wotuluka kumbali yamkati, umene umaligwira kuti lisaphonye njanji. Injini yanthunzi ya mawilo aakulu afulati, kapena a mano, ndi yapamsewu kapena yapamunda, ngakhale ili ndi boila ndi chumuni. Ambiri amasokonezeka pamenepa. Kenako tengani tepi muyeze pakati pa njanji ziwiri zomwe waimapo, mkati ndi mkati: njanji ya ku Malawi ndi mamilimita 1,067. Mukapeza zochepa kwambiri, ndiye kuti ndi kanjanji ka pa esiteti kapena pa fakitale.

Tsopano fufuzani chitsulo cha opanga, kawirikawiri chamkuwa, chokhomedwa m'mbali mwa pokhala dalaivala. Chimakhala ndi dzina la kampani, nambala ya ku fakitale ndi chaka. Nambala imeneyi ndi yosiyana ndi nambala yaikulu yopakidwa penti, yomwe kampani ya njanji inkatha kusintha. Vuto ndi lakuti mkuwa umakopa ogulitsa zitsulo zakutha, ndiye nthawi zambiri mupeza mabowo a mabauti okha. Musagwe mphwayi. Opanga ankadindanso manambala pa ndodo zolumikiza mawilo ndi pa zitsulo zina zoyenda. Pukutani ndi kansalu konyowa, pakani choko pang'ono, walitsani tochi ya foni chammbali osati molunjika, manambala atuluka. Muwerenge malo atatu kapena anayi, chifukwa amakaniko ankasinthanitsa zipangizo pakati pa mitu yofanana, ndipo ndodo imodzi ikhoza kukunamizani. Sandipepa ndi burashi yawaya ayi, mufufuta chomwe mwadzera. Ndipo pomwe malata okuta boila adyeka ndi dzimbiri n'kuonekera zoyera ngati thonje, musakhudze, ana asayandikirenso: maboila akale ankawakuta ndi asibesitosi, fumbi lake limawononga mapapo.

Za nyumba ndiye zimafuna kudekha. Siteshoni ya Blantyre ili pafupi ndi depoti ya mabasi ya Wenela, ndipo anthu ambiri amadutsa poipenya osaizindikira. Koma kukhala pamalo akale sikutanthauza kuti khoma lililonse ndi lakale, chifukwa nyumba za njanji zinkawonjezeredwa ndi kufoleredwanso. Zungulirani kuseri, komwe pulasitala anagwa. Dothi lomangira loyera, lofumbutuka mukalikanda ndi chala, ndi laimu, ndipo limasonyeza ukale kuposa simenti yotuwa yolimba. Onani ngati njerwa zasintha kukula pakati pa khoma, kapena ngati pali zenera lotsekedwa ndi njerwa zina. Shedi ya katundu mumaidziwira ku zitseko zazikulu zotsetsereka ndi khonde lokwera mofanana ndi pansi pa bogi. Maziko a thanki yamadzi, chipaipi chachikulu choimirira pambali pa njanji, ndi dzenje lotayira phulusa pakati pa njanji, zonsezi ndi za nthawi ya malasha, dizilo asanayambe kulowa m'ma 1960.

Chenjezo limodzi lomwe limagwetsa ngakhale akatswiri: njanji yokhayo imakhala ndi dzina la fakitale ndi chaka m'nthiti mwake, ndipo njanji zakutha zinkasandutsidwa nsanamira za khonde ndi mipanda. Chaka chimenecho ndi cha njanjiyo, osati cha nyumbayo. Chimangokuuzani kuti nsanamirayo sinaikidwe chakacho chisanafike.

Zomwe mwaona kazitsimikizeni pa pepala. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Yerekezani chiwerengero cha mazenera ndi kapendekeke ka denga, ndiponso mapiri akumbuyo, poti Ndirande, Soche ndi Mpingwe sanasunthe. Mafayilo aboma ali ku National Archives ku Zomba. Funsaninso madala omwe anapuma ntchito ku Malawi Railways. Amakuuzani bwino chomwe nyumba inkagwira, koma pa zaka amatha kuphatikiza, ndiye zakazo muzikaziona m'mabuku.

Pa chinthu chilichonse lembani malo ake pa mapu a pafoni, tsiku, zithunzi za mbali zonse zinayi, ndi chithunzi chimodzi chapafupi cha manambala, tepi ili pambali. Musayende pakati pa njanji kapena kukwawa pansi pa mabogi, sitima zakatundu zikuyendabe. Mukathana ndi Limbe, Chichiri ndi Blantyre, pitani ku Luchenza, komwe kuli pa mzere woyamba uja wa 1908.